Chenjezo kwa onse osunga ntchito mu Git: rebase ikhoza kutaya commit yanu osakuuzani

Chenjezo ili likupita kwa aliyense amene amasunga ntchito yake mu Git: olemba mapulogalamu m'makampani ndi m'mabungwe, ophunzira amene ali kalikiliki ndi pulojekiti ya chaka chomaliza, oyang'anira matimu, ngakhalenso uja wogwira yekha usiku pa laputopu yake. Nthawi iliyonse imene mukukonza mbiri ya ntchito yanu, kaya ndi `git rebase`, `git reset`, `git filter-repo` kapena `git push --force`, commit ikhoza kugwa panjira Git osanena kanthu. Uthenga wofiira suoneka. Pulogalamu imapitiriza kuyenda, mayeso n'kudutsa bwinobwino. Mumadzazindikira patapita milungu, vuto lomwe munalikonza kalekale litatulukiranso kwa ogwiritsa ntchito, ndipo pofika pamenepo mwayi wobweza chotayikacho umakhala utachepa, mwinanso utatheratu.

Mawu aja oti Successfully rebased, amene Git imalemba ikamaliza, musawasenzetse katundu woposa mphamvu zake. Amangotanthauza kuti Git yachita zimene munailamula. Sanena kuti ntchito yanu yonse yaoloka.

Gwero la ngoziyi lili m'mapangidwe a Git yeniyeniyo. Linus Torvalds poilemba mu 2005 anaikonza mwakuti commit ikalembedwa sisinthikanso. Iliyonse ili ndi hash yake, zilembo ndi manambala 40, yowerengedwa kuchokera ku zonse zili m'kati mwake: mafayilo, uthenga, dzina la wolemba, nthawi, ndi hash ya kholo lake. Mukasintha kanthu kamodzi hash imasintha, ndipo ma commit onse otsatira amasinthanso poti kholo lawo lasintha. Ndiye chimene timachitcha kukonza mbiri, kunena zoona, ndi kukopera. Git imatenga ma commit akale imodziimodzi, n'kulemba atsopano ofanana nawo, kenako n'kusamutsa dzina la branch kuti liziloza atsopanowo. Akale aja amatsala opanda dzina lowaloza. Pokoperapo imodzi ikatsala, palibe chimene chimasweka. Mzere watsopanowo umakhala wamphumphu, mwana aliyense ali ndi kholo lake, `git log` yosalala kuposa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Khomo lalikulu lotayira ntchito ndi `git rebase -i`. Mukalemba lamuloli, Git imatsegula fayilo yokhala ndi mndandanda wonga uwu:

pick 3f2a9c1 Onjezera fomu yolembetsera
pick 8b41d07 Konza kawerengedwe ka msonkho
pick c59e6aa Sintha mtundu wa batani
pick 1d07f3e Konza zilembo pa fomu

Tinene kuti mukufuna mzere wa msonkho upite pansi penipeni. Pa makompyuta ambiri fayiloyi imatseguka mu Vim, ndipo mu Vim mzere umasunthidwa poudula ndi `dd` n'kukaumata ndi `p`. Mwadinda `dd`, mzere wa msonkho wachoka. Foni yalira. Pobwerera mwaiwala ngati munadula kale, mwadindanso `dd`, ndipo ulendo uno wachoka ndi mzere wa batani. Mukadinda `p`, Vim imamata wodulidwa pomaliza wokhawo, wa batani uja. Maso akuona mzere wabwera, mtima n'kukhala pansi, mwasunga ndi `:wq`. Mizere inali 4, yatsala 3. Git ikopera itatuyo popanda conflict, pakuti fayilo ya msonkho sinakhudzidwe ndi commit ina iliyonse, n'kukuuzani kuti zatheka. Kuyambira pamenepo pulogalamu yanu yabwerera ku kawerengedwe kolakwika kaja, ndipo uthenga woti munakonzapo suli paliponse mu `git log`.

Git imachenjeza ndithu, koma pamalo pamene maso safika. Pansi pa mndandandawo, pakati pa mizere yofotokozera imene tonse tinasiya kuiwerenga tsiku lachiwiri, pali chiganizo cha zilembo zikuluzikulu chonena kuti mukachotsa mzere commit imeneyo itayika. Chodabwitsa n'chakuti mukafufuta mizere yonse Git imaimitsa rebase osakhudza kanthu, koma mukafufuta umodzi imaona ngati mwachita dala.

Mankhwala ake alipo, ndipo akhalapo kuyambira Git 2.6 ya mu 2015. Chovuta n'chakuti amabwera ozimitsa. Siyani kaye kuwerenga, tsegulani terminal, mulembe ili:

git config --global rebase.missingCommitsCheck error

Mukatero, mzere ukasowa pa mndandanda Git imakana kupitiriza. Imakuonetsani commit yosowayo ndi kukuuzani kuti mukonze ndi `git rebase --edit-todo`. Mukafuna kuchotsa commit mwadala, mumasintha mawu oti `pick` kukhala `drop`, kuti cholinga chanu chilembedwe poyera. Pali njira yapakati, yoika `warn` m'malo mwa `error`, koma ine sindiilimbikitsa. Imalemba chenjezo n'kupitirira ndi rebase, ndipo chenjezo lodutsa pakati pa mizere yambirimbiri yothamanga pa sikirini ndi ochepa amaliona. Aphunzitsi oyang'anira makompyuta a ophunzira, ikani lamuloli pa makina onse temu isanayambe. Oyang'anira matimu, munthu watsopano alembe lamuloli tsiku lomwe walandira laputopu. Ndi mzere umodzi, ndipo sindikuona chifukwa chomveka chokhalira opanda.

Musaganize kuti mwatseka makomo onse. Lamulo limeneli limalondera mndandanda uja basi.

Khomo lachiwiri limatseguka rebase ikaima pa conflict. Git imakupatsani njira zitatu: konzani mupitirize ndi `--continue`, dumphani ndi `--skip`, kapena bwererani ndi `--abort`. Ofesi iliyonse imadziwa mmene zimakhalira madzulo, ntchito ikufunika mawa m'mawa. Wachinyamata atembenukira mnzake wamkulu: "Achimwene, yakana apa, ndipange bwanji?" Winayo, maso ali pa sikirini yake, ayankha: "Ingopangani skip, tiziona mawa." Koma `--skip` sidumpha mzere wovutawo wokha ayi. Imataya commit yonse. Ngati commit imeneyo inakhudza mafayilo 6 ndipo conflict inali mu fayilo imodzi, zosintha za m'mafayilo 5 enawo zapita nawo limodzi. `--skip` ndi yoyenera pokhapokha mwatsegula commit imeneyo ndi `git show`, mwaiwerenga, ndipo mwatsimikiza kuti zonse zili m'menemo zinalowa kale kudzera njira ina. Mutu ukazungulira, lembani `git rebase --abort`. Zonse zimabwerera mmene zinalili musanayambe, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Pa conflict pomwepo palinso msampha wina umene wakola ngakhale akatswiri. Mu rebase, mawu oti `ours` ndi `theirs` amatembenuka. `ours` ndi branch imene mukukwerapo, nthawi zambiri ntchito ya anzanu, pomwe `theirs` ndi commit yanu imene ikukoperedwa. Munthu amalemba `git checkout --ours` akuganiza kuti akuteteza zake, chonsecho akufafaniza zake zomwezo. Mapeto ake commit imasowa poti yatsala yopanda kanthu, kapena imakhalapo ndi uthenga wake wabwinobwino woti vuto lakonzedwa pomwe kukonzako mulibemo. Yachiwiriyi ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa aliyense wowerenga mbiri amakhulupirira kuti ntchito inagwirika.

Makomo ena ndiwatchule mwachidule. Rebase wamba imasiya ma merge commit onse, ndipo chilichonse chimene munthu anakonza pamanja m'kati mwa merge chimatsala komweko. `--rebase-merges`, yomwe inabwera ndi Git 2.18 mu 2018, imamanganso ma merge aja, komabe zokonza pamanjazo muyenera kuzibwereza nokha. Mukalemba `git rebase` osatchula branch, kapena `git pull --rebase`, Git imayerekeza yokha pamene branch yanu inapatukira poyang'ana mbiri ya branch ya kumtunda, ndipo commit imene inakhalapo kumtundako n'kudzachotsedwa ikhoza kuchotsedwanso kwa inu. Tchulani branch ndi dzina. Nayo `--onto` mukaipatsa malire olakwika ndi commit imodzi yokha, imasiya commit imeneyo kunja mosadandaula.

Makomo ndi ambiri chonchi, ndipo simungawaloweze onse pamtima. N'chifukwa chake chitetezo chenicheni chili pa zinthu ziwiri zimene sizidalira kuti mwalakwitsa motani: kuika chizindikiro musanayambe, ndi kufananiza mukamaliza, musanapushe.

Chizindikirocho ndi branch wamba:

git branch zakale

Sichidya malo, pakuti branch ndi dzina chabe loloza commit. Koma dzina limenelo likakhalapo, ma commit akale onse amakhala otetezeka, Git singawasese. Onetsetsaninso ndi `git status` kuti palibe zosintha zimene simunazipange commit, chifukwa zimenezo palibe chizindikiro chingaziteteze, ndipo `git reset --hard` ikazipeza imazimeza osabweza.

Tsopano kufananiza, ndipo apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri amalephera. Anthu amakonda kugwira ntchito ziwiri pa rebase imodzi: kusanja ndi kuphatikiza ma commit awo, komanso kusamukira pamwamba pa `main` yatsopano. Mukasakaniza chonchi, kusiyana kwa zakale ndi zatsopano kumadzaza ndi ntchito ya anzanu, ndipo chanu chotayikacho chimabisala m'menemo. Zilekanitseni. Yambani ndi kusanja kokha, osasuntha maziko, pogwiritsa ntchito `git rebase -i --keep-base main`, njira imene ilipo kuyambira Git 2.24 ya mu 2019. Mukamaliza lembani:

git diff zakale HEAD

Ngati munangosanja, kuphatikiza kapena kusintha mauthenga, lamuloli liyenera kubwera lopanda kanthu, mzere ngakhale umodzi. Mafayilo akumapeto ayenera kufanana ndendende ndi mmene analili. Likatulutsa kanthu kalikonse kamene simunakachotse dala, imani pomwepo, china chagwa. Mu chitsanzo chathu chija, pano ndi pamene kawerengedwe ka msonkho kakanaonekera ndi mizere yofiira. Mayeso amenewa satenga ndi mphindi yomwe, ndipo sanama.

Mukatsimikiza, sunthani chizindikiro ndi `git branch -f zakale`, kenako musamukire pa `main` yatsopano. Apa `git diff` sithandizanso kwenikweni, poti maziko asintha. Chida chake ndi `git range-diff`, chimene chinalowa mu Git 2.19 mu 2018 kuti anthu azitha kuyerekeza mizere iwiri ya ma commit:

git range-diff main zakale HEAD

Commit iliyonse yakale imaikidwa pambali pa mnzake watsopano, pakati pali chizindikiro. Chizindikiro cha `=` chikutanthauza kuti yadutsa osasintha. Cha `!` chikutanthauza kuti yadutsa koma yasintha, ndipo Git imakuonetsani pasinthapo. Werengani bwino pamenepo, makamaka ngati munakonzapo conflict. Cha `>` ndi commit yatsopano imene kunalibe. Chofunika kuchisaka ndi maso onse awiri ndi ichi:

2:  8b41d07 < -:  ------- Konza kawerengedwe ka msonkho

Timizere tija kudzanja lamanja tikunena kuti commit imeneyi ilibe mnzake ku mbiri yatsopano. Nthawi zina pamakhala chifukwa chabwino: mwina munaiphatikiza ndi ina, mwina inalowa kale mu `main` kudzera kwa mnzanu ndipo Git yaisiya poona kuti ndi yobwereza. Koma pa chizindikiro cha `<` chilichonse muzitha kunena chifukwa chake ndi pakamwa panu. Mukalephera kuchinena, musapushe.

Zonse ndanenazi zikukhudza ntchito yanu. Mukafika pa `git push --force`, mwayamba kuseweretsa ntchito ya ena. Mmene zimachitikira n'zosavuta kumva. Mnzanu wapusha ma commit awiri m'mawa pa branch imene mukugwirira limodzi. Inu mwapanga rebase pa kope la dzulo. Popusha, seva yakana, ndipo kukanako ndiko chitetezo chomaliza cha ntchito ya mnzanuyo. Mukaonjezera `--force`, mwauza seva kuti itaye zomwe ili nazo itenge zanu. Ma commit awiri aja atsala pa laputopu ya mwini wake yokha. Iye akadzaona kuti branch yake yasemphana ndi ya pa seva, wina n'kumulangiza kuti angopanga `git reset --hard` kuti zifanane, ndiye kuti achokanso pa branch yake.

Izi si nkhambakamwa. Mu Novembala 2013, mmodzi mwa othandiza pa pulojekiti ya Jenkins anapusha mokakamiza mwangozi, kudzera m'chida chokopera ma repo chimene amachikonza, ndipo ma repo oposa 150 a pulojekitiyo pa GitHub anabwezedwa m'mbuyo ku kope lakale limene linali pa makina ake. Sanali wophunzira, anali munthu woidziwa Git bwino lomwe. Ntchitoyo inabwezedwa chifukwa ogwira ntchito ku GitHub anathandiza kupeza ma hash amene ma branch ankaloza ngozi isanachitike, komanso chifukwa pulojekitiyo inali ndi anthu ambiri osunga makope awo. Timu ya anthu atatu yokhala ndi seva yakeyake pakona ya ofesi ilibe onse awiriwo.

Choncho `--force` wamba ichoke m'zala zanu. Gwiritsani ntchito `git push --force-with-lease`, yomwe ilipo kuyambira Git 1.8.5 ya mu 2013, ndipo nthawi zonse muzitchula dzina la branch imene mukupusha. Iyo imayamba yafunsa ngati branch ya pa seva idakali pamene kompyuta yanu inaiona komaliza, ndipo ikapeza kuti wina wapushapo imakana. Koma dziwani kufooka kwake. Imadalira zimene kompyuta yanu inaona, osati zimene inu munaona. Ma editor ena amapanga `git fetch` okha mwakachetechete mphindi zingapo zilizonse, ndipo zikatero kompyuta imakhala itaona kale ma commit a mnzanu aja inu musanawaone, chitetezo chija n'kukhala chachabe. Git 2.30, yotuluka kumapeto kwa 2020, inabweretsa `--force-if-includes` yotseka mpata umenewu: imafuna umboni woti zimene zili pa sevazo zinadutsapo pa branch yanu. Kuti musamaiwale, lembani `git config --global push.useForceIfIncludes true`, ndipo izigwira ntchito nthawi iliyonse mukapusha ndi `--force-with-lease`.

Oyang'anira ma repo, gawo lanu ndi lalikulu kuposa la wina aliyense, chifukwa munthu wotopa adzalakwitsa ndithu tsiku lina ngakhale mutamuphunzitsa bwanji. GitHub inayamba kulola kuteteza ma branch mu 2015. Tetezani `main` ndi branch iliyonse imene anthu oposa mmodzi amapushako, ndipo onetsetsani ngati pulani yanu ikulola zimenezi pa ma repo achinsinsi, poti pa pulani yaulere chitetezochi chimapezeka pa ma repo apoyera. GitLab imateteza branch yaikulu kuyambira pachiyambi, musachotse chitetezocho pofuna kuthamanga. Ngati seva ndi yanuyanu, ikani `receive.denyNonFastForwards` ndi `receive.denyDeletes` kukhala `true`. Dziwaninso kuti repo ya pa seva, ya mtundu wa bare, sisunga reflog pokhapokha mutayatsa `core.logAllRefUpdates`. Ambiri amaganiza kuti seva imakumbukira zonse, pomwe ndi imene imaiwala msanga.

Ndatchula reflog, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakhala mukuyembekeza mawu amenewa kuti munene kuti mu Git palibe chimatayika. Reflog ndi yothandiza zedi. Ndi kaundula wa paliponse pamene `HEAD` ndi branch iliyonse zinalozapo, ndipo yapulumutsa anthu osawerengeka. Koma ili ndi malire atatu amene muyenera kuwadziwa. Poyamba, ndi ya pa kompyuta imodzi. Siipita ku seva, ndipo clone yatsopano imabwera yopanda mbiri imeneyo. Kachiwiri, imatha. Zolembedwa zoloza ma commit amene salinso pa branch, omwe ndi otayika athu aja, zimaloledwa kufufutidwa pakatha masiku 30, pomwe zinazo zimakhala masiku 90. Kufufutako kumachitika `git gc` ikayenda, ndipo Git imaiyendetsa yokha osakufunsani. Zinthu zopanda chilichonse choziloza, monga stash imene munaitaya, zikhoza kuseseredwa zikangopitirira masabata 2 chilembedwere. Kachitatu, mukafufuta branch, reflog ya branch imeneyo imapita nayo, n'kutsala ya `HEAD` yokha. Ganizirani tsono vuto la msonkho lija, limene mwina lidzaoneka kumapeto kwa kotala, owerengera ndalama akamatseka mabuku. Masiku 30 adzakhala atadutsa kalekale.

Kwathu kuno kuli chizolowezi chimodzi chimene chimakulitsa ngoziyi. Intaneti ikavuta kapena bandulo ikatha, munthu amatha masiku angapo akupanga ma commit osapusha, kutanthauza kuti kope lokhalo la ntchitoyo lili mu foda ya `.git` pa laputopu imodzi. Ndiye magetsi athime rebase ili pakati, kapena zinthu zingosokonekera, munthu uja amachita chimene anaona ena akuchita: kufufuta foda yonse n'kupanga clone yatsopano. Chonde musatero. Foda imeneyo ndi imene ili ndi ma commit anu akale, reflog yanu, ndi stash yanu. Mukafuna kuyambiranso, isintheni dzina, muisiye pambali, mupange clone yanu pamalo ena. Ndipo rebase yodukira panjira si chinthu choopsa. `git status` imakuuzani pamene yaima, ndipo `git rebase --abort` nthawi zambiri imakubwezerani poyambira.

Amene mukukonzekera kusesa mbiri yonse ya repo, monga kuchotsa pasiwedi imene inalowa mwangozi kapena fayilo yaikulu, samalani koposa. Git yeniyeniyo imachenjeza anthu kuti asiye `git filter-branch` ndipo imaloza ku `git filter-repo`, chida chimene analemba Elijah Newren. Ndi chida chabwino, koma chikamaliza chimafufuta reflog ndi kusesa zakale zonse nthawi yomweyo, mwadala, poti cholinga chake ndi kuchotseratu. N'chifukwa chake chimakana kugwira ntchito pa repo imene si clone yatsopano, ndipo mukachikakamiza pa foda yanu ya tsiku ndi tsiku mulibenso pothawira. Branch ya `zakale` sikuthandizani pano, nayonso imalembedwanso. Musanayambe, pangani kope lathunthu ndi `git bundle create zonse.bundle --all`, mulitsimikize ndi `git bundle verify zonse.bundle`, mulisunge pa diski ina, pamalo otetezeka ngati muli zachinsinsi. Mukamaliza tsegulani fayilo ya `commit-map` mu foda ya `.git/filter-repo`. Imaika hash yakale pambali pa yatsopano, ndipo commit imene yachotsedwa ili ndi maziro okhaokha kudzanja lamanja. Yang'anani iliyonse ya maziroyo, muone ngati inayeneradi kupita. Pasiwediyo muisinthe ndithu, pakuti kuichotsa m'mbiri sikuichotsa m'makompyuta a amene anakopera kale.

Ngati mukuwerenga izi mtima ukugunda poti mukukayikira kuti zakuchitikirani kale, nthawi ndi imene ikukutherani, ndiye chitani izi lero. Musayendetse `git gc`, `git prune` kapena chida chilichonse choyeretsa. Koperani foda yonse ya pulojekiti, pamodzi ndi `.git`, muiike pambali, kuti kusaka kwanu kusaononge umboni. Uzani anzanu a mu timu kuti asapange reset kapena kufufuta ma branch mpaka mutawauza. Kenako lembani `git reflog show` n'kutsatiza dzina la branch yanu. Rebase imasuntha branch kamodzi kokha, pomaliza, choncho mzere wapansi pa umene walembedwa kuti rebase yatha ukuloza pamene munali musanayambe. Pali `ORIG_HEAD` imene ambiri amaitchula, koma malamulo ena amailemba pamwamba, musaidalire ngati padutsa nthawi. Mukapeza hash yake, ipatseni dzina nthawi yomweyo ndi `git branch zopulumuka` kutsatiza hash ija, kenako muyendetse `git range-diff` kuti muone zimene zikusowa, n'kuzibweza ndi `git cherry-pick`.

Ngati chatayika ndi cha pa seva, funsani mnzanu aliyense amene ali ndi clone. Amene anapanga fetch ngozi itachitika anaona mzere woyamba ndi `+` wokhala ndi mawu oti forced update, ndipo pa makina ake `git reflog show origin/main`, kapena dzina la branch yokhudzidwayo, imaonetsa pamene seva inkaloza kale. Amene sanapangebe fetch ali ndi kope labwino kuposa onse. Aike branch pa `origin/main` yakeyo asanakhudze china chilichonse. Pa GitHub, tsamba la pull request limalemba nthawi iliyonse munthu akapusha mokakamiza, pamodzi ndi hash yakale ndi yatsopano. Reflog ikakhala kuti ilibe kanthu, yesani `git fsck --lost-found`. Imasaka ma commit opanda chowaloza n'kulemba ma hash awo mu foda ya `.git/lost-found/commit`. Atsegulani imodziimodzi ndi `git show`, ndipo iliyonse imene mwaizindikira muipatse branch yake musanapite ku yotsatira.